Kodi Dzulo la Chingerezi Limabisala Pati?

Pulogalamu ya maphunziro ino ndi ya omvera nonse, kuyambira ku Mponela, Madisi ndi Mvera mpaka ku Malomo ndi midzi yonse yozungulira phiri la Ntchisi.  Amayi amene muli pamoto, mthiko usaime. Abambo amene mukusoka fodya m'chigafa, manja apitirize, ife tikungopempha khutu. Ana a sukulu sendererani pafupi ndi wailesi chifukwa nkhani ya lero ndi yanu. Tikukamba za aneni a Chingerezi ndi momwe amasonyezera nthawi, makamaka aneni aja amakani, osafuna kumvera lamulo.

Mphunzitsi aliyense wa Sitandade 5 kapena 6 m'mapiri muno amadziwa zimene zimachitika Lolemba m'mawa. Ana akhala pansi mothithikana, ena miyendo ili mbuu ndi fumbi la m'njira, ndipo funso ndi lomwe lija: "What did you do on Saturday?" Mtsikana wina aimirira, akonza diresi, nayankha kuti, "I go to the market and I buy soap." Mnyamata wa kumbuyo, pofuna kuonetsa kuti wamvetsa ndi iyeyo, akweza mkono: "I goed to the market and I buyed soap." Kalasi yonse ifa ndi phwete, chonsecho ambiri mwa osekawo yankho lenileni sakulidziwa.

Ana awiriwa si mbuli. Aliyense walakwa pa chifukwa chomveka, ndipo zifukwa ziwirizo ndiye mutu wa pulogalamu ino. Tiyamba ndi mtsikana uja.

Tengani mneni wa Chichewa, kugula, mumutchule mokweza pamene mulipo. Ndikugula. Ndimagula. Ndagula. Ndinagula, kapena ndidagula monga amalembera mabuku a kusukulu ndiponso monga amanenera akuluakulu ambiri a chigawo chapakati. Ndinkagula. Ndidzagula. Mwamva chimene chikusintha? Gula uja ali phee. Chikusuntha ndi kachidutswa kamene kakubwera gula asanafike: ku, ma, na, nka, dza. Mwana wa ku Dowa asanayambe n'komwe sukulu, khutu lake limakhala litazolowera kuti nthawi imamveka koyambirira kwa mneni. Akangomva na, wadziwa kale kuti nkhaniyo ndi yakale.

Chingerezi chimachita zosemphana ndi zimenezi. Walk, walked. Cook, cooked. Koyambirira kulibe chizindikiro chilichonse, dzulo labisala kumapeto kwenikweni. Ndipo labisala pamalo ovuta kwa ife, chifukwa mawu a Chichewa amathera ndi a, e, i, o kapena u. N'chifukwa chake book tinamusandutsa buku, school n'kukhala sukulu, spoon n'kukhala supuni. Tsono walked amathera ndi k ndi t zogundana, popanda kopumira pakati. Mwana amachita chimodzi mwa ziwiri: amameza t uja n'kunena walk, kapena amawerenga monga zalembedwera n'kunena wokedi. Amene wameza t pakamwa amakamumezanso papepala la mayeso.

Mfundo yoyamba ndi imeneyo, ndipo tiibwereze: Chichewa chimanena nthawi koyambirira kwa mneni, Chingerezi kumapeto kapena m'kati mwake. Mtsikana uja sanaiwale kuti Loweruka linadutsa. Khutu lake likudikira nthawi pamalo pamene Chingerezi sichiika.

Aphunzitsi, apa pali kanthu kothandiza. Zilembo ziwiri zija, e ndi d, zimamveka mwa njira zitatu. Mu walked, cooked ndi washed zimamveka ngati t. Mu played, carried ndi ploughed zimamveka ngati d. Pokhapokha mneni akathera ndi liwu la t kapena d m'pamene pamabwera id womveka bwino, ndipo mwamwayi aneni a kumunda ambiri ali m'gulu limeneli: planted, weeded, harvested. Mwana wa mlimi ayambe ndi amenewa, chifukwa dzulo lawo silibisala.

Wina asaganize kuti Chichewa ndiye chophweka. Mawu oti ndimathandiza, mukakweza liwu pa ndi, mukunena chizolowezi cha masiku onse. Mukakweza pa tha, mukunena zimene munali kuchita posachedwapa. Zilembo ndi zomwezo, nthawi ndi ziwiri. Mlendo wophunzira Chichewa amatuluka thukuta pamenepa, pomwe mwana wa ku Ntchisi saphonya ngakhale ali ndi tulo.

Tsopano tibwere kwa mnyamata wa goed ndi buyed.

Iyeyu ali patsogolo pa mnzake uja. Wazindikira yekha lamulo loti zakale zimafuna ed, ndipo akuligwiritsa ntchito mokhulupirika. Ana a ku England nawonso amachita zomwezi. Akatswiri ofufuza kalankhulidwe ka ana anaona kuti mwana wamng'ono amayamba ndi went, pongotsanzira makolo. Pakapita nthawi amatulukira lamulo la ed n'kuyamba kunena goed, ngati wabwerera m'mbuyo. Kenako m'pamene amazindikira kuti aneni ena ali ndi njira zawozawo, n'kubwerera kwa went. Choncho goed ndi chizindikiro choti mutu ukugwira ntchito. Mphunzitsi wofulumira kukalipa pamenepa, kapena wolekerera kalasi kuseka mpaka mwana achite manyazi, amaphunzitsa mwanayo chinthu chimodzi chokha: kusakwezanso mkono.

Aneni osatsata lamulo amene amagwiritsidwa ntchito masiku ano alipo pafupifupi 200. Poyerekeza ndi aneni zikwizikwi a m'Chingerezi, ndi ochepa. Vuto ndi loti ndi omwe amalankhulidwa kwambiri. Be, have, do, say, make, go, take, come, see, get: awa ndi ena mwa aneni omveka kawirikawiri kuposa onse, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe womvera lamulo la ed. Munthu sangafotokoze za ulendo wa ku chigayo osagundana nawo.

Kodi anachokera kuti? Zaka zoposa chikwi zapitazo, Chingerezi chakale chinali ndi magulu awiri akuluakulu a aneni. Gulu lina linkasonyeza nthawi posintha liwu la m'kati, ndipo zotsalira zake ndi sing, sang, sung ndi drink, drank, drunk. Gulu lina linkaphatikiza d kapena t kumapeto. Gulu lachiwirili ndi lomwe linakula, moti mneni aliyense watsopano amalowa kumeneko. Itabwera foni, palibe anavutika kuganiza: phoned, texted, ngakhale kuflasha kwathu kuja ndi flashed basi. Mu 2007 akatswiri a pa yunivesite ya Harvard anasindikiza kafukufuku m'magazini ya sayansi yotchedwa Nature. Anatsata aneni 177 amene anali osatsata lamulo m'Chingerezi chakale, n'kupeza kuti amene akadali amakani lero ndi 98. Enawo anagonja. Help, mwachitsanzo, kale ankati holp akafuna kunena zakale, lero ndi helped.

Chimene akatswiriwo anaona n'chakuti amagonja msanga ndi aneni osatchulidwatchulidwa. Ili ngati njira ya ku mjigo: imene anthu amadutsamo m'mawa ndi madzulo simera udzu, koma ya kumunda wogonera imatsekeka dzinja limodzi. Mneni womveka tsiku ndi tsiku saiwalika maonekedwe ake, ngakhale akhale okhota chotani. Went yekha ali ndi mbiri yodabwitsa. Poyamba sanali wa go ayi. Anali nthawi yakale ya mneni wina, wend, amene masiku ano samvekamveka, ndipo go anangomulanda.

Kodi Chichewa chilibe aneni amakani? Taganizani pang'ono. Timati ndili ku Ntchisi, ndinali ku Ntchisi, koma palibe amene amati mawa ndidzali ku Ntchisi. Timasiya li n'kubwereka mneni wina: ndidzakhala. Ndi mmene amachitiranso be wa Chingerezi ndi am, is, was ndi were wake. Polamula timati gula, lima, pita, koma pa kudya ndi kumwa timati idya, imwa. Palibe anatipatsa mndandanda woti tiloweze zimenezi. Tinazimva kambirimbiri, zinakhazikika.

Tisanafike pa njira zophunzirira, tione kaye chifukwa chake nkhaniyi ili yaikulu kuno kwathu.

Sukulu zinafika m'dera lino ndi amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa. A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anatsegula mishoni ya Mvera mu 1889, m'dziko la Mfumu Chiwere, ndipo mu 1894 Robert Blake anayamba ya Kongwe, kumene lero kuli sukulu ya sekondale yodziwika ndi dzina lake. Sukulu zawo za m'midzi zinkalimbikira kuwerenga ndi kulemba Chinyanja, Chingerezi sichinali patsogolo ngati mmene zinalili ku Livingstonia. Chosangalatsa n'chakuti chilankhulo cha kwawo kwa amishoniwo, Afrikaans, ndi chachibale ndi Chingerezi, koma icho chinataya pafupifupi makani onse a aneni ake. Chingerezi chinawasunga, ndipo ndi chomwe chinatsala nafe. Mu 1968 Chichewa chinakwezedwa kukhala chilankhulo cha dziko, Chingerezi n'kukhalabe cha boma, makhoti ndi mayeso.

Kwa zaka zambiri mwana ankaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, n'kudzapeza kuti mu Sitandade 5 maphunziro onse asanduka Chingerezi kupatula Chichewa chenichenicho. Mu 2014 boma linalengeza kuti Chingerezi chiziyambira Sitandade 1, koma amene amalowa m'makalasi a kumudzi amadziwa kuti aphunzitsi amatanthauzirabe m'Chichewa kuti ana amve. Pamayeso a Fomu 4 a bungwe la MANEB, wolephera Chingerezi sapata satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi, ndipo ku yunivesite amafuna kirediti ya Chingerezi. Chimangirizo cha nkhani yochitika chimalembedwa m'nthawi yakale kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza. Mayankho a phunziro la mbiri nawonso ndi nthawi yakale yokhayokha. Mwana wosadziwa kuti fight amasanduka fought, lead amasanduka led, amapunthwa pa chiganizo chilichonse ngakhale nkhani ya John Chilembwe akuidziwa bwino.

Nanga aphunzire bwanji? Mabuku ambiri amaika aneniwa kumapeto motsatira alifabeti, kuyambira arise mpaka write, ndipo ana amauzidwa kuti aloweze. Njira imeneyi ndi yabwino pofufuza mneni mmodzi, koma poloweza ndi yotopetsa pachabe. Aneni amakaniwa ali ndi mabanja awo, ndipo banja lililonse lili ndi kamvekedwe kake.

Mvetserani banja ili: buy, bought, bring, brought, think, thought, catch, caught, teach, taught. Onse akuthera pa liwu limodzi. Nali lina: sell, sold; tell, told. Lina: keep, kept, sleep, slept, sweep, swept. Lina la mayina atatu: grow, grew, grown, know, knew, known, throw, threw, thrown. Ndiye pali banja la aulesi, losasintha ngakhale pang'ono: cut, put, hit, shut. Dzulo cut, lero cut. Ana amene amatha kusunga pamtima nyimbo zonse za masewera a padambo sangalephere mabanja amenewa, makamaka mphunzitsi akawaombetsa m'manja potchula. Read yekha ndiye wachinyengo: kalembedwe sikasintha, koma ukamanena zakale amamveka ngati red.

Kuimba kokha sikukwanira. Mneni amakhazikika akalowa m'chiganizo chonena za moyo wa mwanayo, ndipo chiganizocho chiyambe ndi mawu a nthawi. Yesterday, last week, last year. Mawu otere amaika nthawi koyambirira, pamalo pomwe khutu la Chichewa limaidikira, ndipo amakumbutsa mwana kuti mneni amene akubwera asinthe. "Last year my father grew tobacco." "In April he sold it at Kanengo." "He bought iron sheets." Grew, sold, bought: aneni atatu amakani m'nkhani imodzi ya fodya ndi malata, imene mwana wa ku Madisi anaiona ndi maso.

Tsopano tichenjezane za misampha ingapo imene imakola ngakhale a ku sekondale ndi akuluakulu a m'maofesi.

Woyamba ndi wa did. Mwana wangophunzira went, wakondwa naye, ndiye afunsa mnzake kuti, "Did you went?" Ayi. Did wanyamula kale dzulo lonse, mneni wotsatira abwerere mwakale: "Did you go?" "I did not go." Apa ndiye Chingerezi chafanana ndi Chichewa, chifukwa nthawi yabwera koyambirira, mneni ali phee.

Wachiwiri ndi wovutirapo, tiufatse. M'Chichewa, mwana akati bambo apita ku Kanengo, tonse timamva kuti sanabwerebe. Akati bambo anapita ku Kanengo sabata yatha, akungofotokoza za ulendo. Chingerezi chili ndi kusiyana komweku: "Father has gone to Kanengo" ndi "Father went to Kanengo last week." Mpaka apa zilankhulo ziwirizi zikuyendera limodzi, ndipo mphunzitsi wanzeru amayambira pa Chichewa pofotokoza has gone. Zimasiyana pamene tatchula tsiku. Mlendo atha kunena bwinobwino kuti ndafika dzulo, kutanthauza kuti anafika ndipo akadali pompano. Chingerezi sichilola zimenezo. Have ndi yesterday sakhalira limodzi. "I have arrived yesterday" ndi Chichewa chovala jekete. Choyenera ndi "I arrived yesterday." Tibwereze: mukatchula tsiku kapena chaka chimene chinadutsa, have achoke.

Msampha wina umachokera ku mawu monga ndatopa ndi ndakhuta. Maonekedwe ake ndi ofanana ndi ndagula, koma akunena za mmene munthu alili pakali pano. Wotanthauzira liwu ndi liwu amati "I have tired," pomwe mwini chilankhulo amati "I am tired." Chimodzimodzi ndikudziwa ndi ndikufuna. Ku uja amakokera mwana kwa ing, n'kunena kuti "I am knowing." Aneni a Chingerezi onena za kudziwa, kufuna ndi kukhala ndi chinthu nthawi zambiri sakonda ing: "I know," "I want," "I have a pen."

Ku Dzaleka, kufupi ndi boma la Dowa, nkhaniyi ili ndi mbali ina. Malowa anali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo kuyambira mu 1994 ndi msasa wa anthu othawa nkhondo, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Chiswahili chimene chimamveka kwambiri kumeneko chimaikanso nthawi koyambirira kwa mneni: nilinunua, ninanunua, nitanunua, kutanthauza ndinagula, ndikugula, ndidzagula. Mwaona kamsampha? Na wa Chiswahili akunena za tsopano, pomwe na wa Chichewa akunena zakale. Mwana wa kumeneko amasinthasintha na awiriwa akamasewera ndi anzake a m'midzi yoyandikana, kenako n'kulowa m'kalasi kukakumana ndi bought. Mutu wa mwana umanyamula zambiri kuposa mmene akuluakulu amaganizira.

Palinso William Kamkwamba, amene bambo ake ankachita malonda ku Dowa banja lisanasamukire ku Wimbe m'boma la Kasungu. Atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, ankabwereka mabuku a sayansi a Chingerezi ku laibulale yaing'ono, n'kumatsata zithunzi pamene mawu amuvuta, mpaka anapanga makina a mphepo opangira magetsi. Mu 2007 anaima pamaso pa khamu la akatswiri pa msonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania. Chingerezi chake tsiku limenelo chinali chodukaduka, nthawi yatsopano ndi yakale zinkasakanikirana m'chiganizo chimodzi, koma anthu anamva chimene ankanena ndipo anamuombera m'manja. Anabwerera kusukulu, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ake pa Dartmouth College ku America. Aneni anawakonza akulankhula kale, sanadikire kuti ayambe wawadziwa onse. Woyesa mayeso a MANEB sadzaomba m'manja pa goed, zimenezo n'zoona, koma mwana amene amaopa kutsegula pakamwa mphunzitsi alibe pomugwira kuti amuwongolere.

Makolo, mwina mukuti ife Chingerezi sitichidziwa, tithandiza bwanji? Madzulo ano mukatha kudya, mufunseni mwana kuti afotokoze m'Chichewa zinthu zitatu zimene anachita dzulo. Kenako anene zomwezo m'Chingerezi, chiganizo chilichonse chiyambe ndi yesterday. Ngati pali mkulu wake wa ku sekondale, akhale woweruza. Inu muzingomvetsera kumapeto kwa mneni ngati kukumveka kusintha. Aphunzitsi nanunso dzifunseni: mwana akanena goed m'kalasi mwanu, chimatsatira n'chiyani, phwete kapena banja la aneni lolembedwa pabolodi?

Ana a sukulu, tengani pensulo, nayi ntchito yanu. Chiganizo ichi chili ndi aneni atatu olakwika: "Last year my mother grow groundnuts, dig them in May and sell them at Malomo." Tibwereze pang'onopang'ono. "Last year my mother grow groundnuts, dig them in May and sell them at Malomo." Awiri mwa aneniwa mwawamva m'pulogalamu ino, mmodzi mukamufunefune nokha. Yankho tidzalipereka sabata ya mawa nthawi ngati yomwe ino, pamene tidzakambe za will ndi going to, ndi momwe zimakumanirana ndi dza wa Chichewa.